Pikapu Yakale Yaing'ono: Kagulidwe ndi Kasamalidwe Kake Pakhomo

Chimanga chikauma m'munda, kapena njerwa zikapsa pa uvuni pamene malo omangapo ali kutali, m'pamene banja limakhala pansi n'kuwerengera ndalama zimene zathera pa kuhayala galimoto za eni. Kawirikawiri kuwerengera kumeneku kumathera pa mawu amodzi: bwanji tigule kapikapu kathu? Vuto limabwera poyang'ana m'thumba. Ndalama zimene zilipo sizingafike pa yatsopano, zimangokwana bokosibode imene inayamba kuyenda mwini nyumba asanakwatire.

Ine sindiona cholakwika pogula galimoto yotere. Ndinakulira pakhomo pamene Datsun 1200 ya amalume inali ngolo yathu, ambulansi yathu, komanso yotiperekeza kumaliro ndi kumaukwati, ndipo inagwira ntchito zimenezi zaka zambiri. Chimene ndaona n'chakuti pikapu yakale imakhalitsa m'manja mwa munthu amene akudziwa kuti inapangidwira ntchito yanji. Choncho musanapite kukaona imene mwamva kuti ikugulitsidwa, dziwani kaye mtundu wake ndi kumene inachokera.

Mitundu yake ndi kumene inachokera

Mapikapu ang'onoang'ono ambiri anabadwa kuchokera ku galimoto zonyamula banja. Akatswiri ankatenga mutu wa saluni, injini yake ndi mipando iwiri yakutsogolo, n'kuika bokosi kumbuyo. Umu ndi mmene kampani ya Nissan inachitira mu 1971 pamene inatulutsa kathiraki ka Sunny, kamene ambiri tinakadziwa ndi dzina la Datsun 1200. Injini yake, yotchedwa A12, inali ya 1171 cc basi. Ku Japan kanagulitsidwa mpaka 1994, koma ku South Africa ndi kumene kanapeza kwawo. Kumeneko mu 1980 anakaika injini yokulirapo ya A14, ya 1397 cc, kakhala 1400, ndipo fakitale ya ku Rosslyn pafupi ndi Pretoria inapitiriza kukapanga mpaka 2008 maonekedwe ake asanasinthe kwenikweni. Anagulitsa pafupifupi 275,000. Olankhula Afrikaans anakapatsa dzina loti kanniedood, kutanthauza chinthu chosafa. Abale athu ambiri a ku Joni akhala akubwera nato timapikapu timeneti, titasenza njinga, mafiriji ndi malata.

Ford Bantam, imene inayamba kupangidwa ku South Africa mu 1983 kuchokera ku Ford Escort n'kulekeka mu 2011, ndi ya banja lomweli, pamodzi ndi mbale wake Mazda Rustler. Kusiyana kwake n'kwakuti Bantam imakoka ndi matayala akutsogolo, pamene 1400 imakankha ndi akumbuyo. Mukasenzetsa Bantam katundu wolemera n'kuyamba kukwera chitunda cha dothi lonyowa, kulemera konse kumapita kumbuyo ndipo matayala okoka aja amangozungulira pamodzimodzi. Kwa munthu wa m'tauni woyenda pa phula zimenezi si nkhani, koma kwa mlimi wa kumapiri ndi nkhani yaikulu.

Banja lachiwiri ndi la mapikapu okhala ndi chesisi yakeyake, zitsulo ziwiri zazitali zoyalidwa ngati makwerero, pamene kabu ndi bokosi zimangomangidwa pamwamba ndi mabawuti. Toyota Hilux ndiye mfumu ya banja limeneli. Inatuluka mu 1968, itakonzedwa ndi kupangidwa ndi kampani ya Hino m'malo mwa kathiraki kakale kotchedwa Briska, ndipo yoyambayo inali ndi injini ya malita 1.5. Yokoka ndi matayala onse anayi inabwera mu 1979. Isuzu KB, Mazda B1600 ndi Datsun 620 ya mu 1972 zili m'gulu lomweli. Izi zinapangidwira kunyamula pafupifupi tani imodzi. Pambali pa izi panali Peugeot ya ku France, imene achikulire amaikumbukira pa matola. Saluni ya 404 inatuluka mu 1960, pikapu yake mu 1967, ndipo ku Kenya anapitiriza kuilumikiza mpaka 1991, ku Ulaya italekeka kalekale. Masiku ano 404 ndi mng'ono wake 504 zikusowa pamsewu, ndipo masipeya ake akusowanso. Ngati simuli munthu woikonda mwapadera, wokhala ndi makaniko woidziwa, ilekeni.

Palinso timathiraki topanda mphuno, toti dalaivala amakhala pamwamba pa matayala akutsogolo: Daihatsu Hijet, Suzuki Carry, ndi Mazda Bongo yokulirapo ya mu 1966. Hijet ndi Carry zinapangidwa motsata lamulo la ku Japan la galimoto zing'onozing'ono, limene kuyambira 1990 limalola injini yosapitirira 660 cc, ndipo katundu wake sapitirira makilogalamu 350. Awa ndi matumba asanu ndi awiri a chimanga a makilogalamu 50. Kumbukirani nambala imeneyi mukaona kathiraki kotere katasenza mchenga wodzadza mpaka pamwamba.

Tsiku lokaona galimoto

Pitani m'mawa, ndipo muuzeni mwini wake kuti asailize musanafike. Mukafika gwirani boneti ndi dzanja. Ngati yafunda, ndiye kuti wina anadzuka m'mamawa kukaitenthetsa, ndipo injini yotentha imabisa zambiri: kuvuta kulira, utsi, ndi kugogoda kwa m'kati. Tengani makaniko wanu, amene mudzamulipire inuyo, osati amene wogulitsa wakuuzani kuti ndiye amaidziwa bwino galimotoyo. Tenganinso tochi, kansalu, sikuludiraiva, ndi kamaginito, ngakhale kochotsa pa sipika yakufa ya wailesi.

Musayambe ndi injini. Anthu ambiri amathamangira kutsegula boneti ndi kumvetsera kulira kwake, chonsecho injini ya pikapu yakale ndi chinthu chosavuta kukonza pa zonse. Chimene chimapha galimoto izi ndi dzimbiri. Injini mungaitsitse n'kuikamo ina tsiku limodzi, koma thupi lodyeka silichira.

Apa m'pamene mbiri ija imagwira ntchito. Pa 1400 ndi Bantam, thupi lenilenilo ndilo limanyamula kulemera konse, chifukwa palibe chesisi yapadera pansi. Choncho gwadani, muunike m'munsi mwa zitseko, pansi pa mapazi a dalaivala mutachotsa kapeti, pamalo pamene masipuling'i akumbuyo amagwirira thupi, pansi pa batire pamene asidi amadonthera, ndi pamene kabu imakumana ndi bokosi. Bayani ndi sikuludiraiva pang'onopang'ono. Chitsulo chabwino chimalira, chodyeka chimanyenyeka ngati chikonyo chofumbwa. Pa Hilux, Isuzu ndi anzake, tsatani chesisi ndi tochi kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo mbali zonse ziwiri. Funani ming'alu ndi zigamba zowotcherera, makamaka kuseri kwa kabu, pamene chesisi imapindikira galimoto ikamasenzetsedwa mopitirira. Kenako imani chapatali, muyang'ane mpata wa pakati pa kabu ndi bokosi. Uyenera kufanana pamwamba ndi pansi, kumanja ndi kumanzere. Ukakhala wopapatiza pamwamba kapena wotsegula mbali imodzi, msana wa galimotoyo unapindika.

Penti yonyezimira pa galimoto ya zaka 30 iyenera kukuchenjezani. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Kulungani kamaginito kaja m'kansalu, muyendetse m'mbali mwa matayala ndi m'munsi mwa zitseko. Pamene sikakugwira, pansi pa penti pali phala lomatira mabowo. Phala pang'ono pa chitseko chimene chinagundidwa si vuto. Phala pamalo onyamula kulemera ndi chifukwa chokwanira chotsanzikira n'kubwerera kwanu.

Yang'ananinso masipuling'i akumbuyo galimoto ili yopanda katundu. Ayenera kukhala okhota ngati uta. Akakhala ogona mowongoka, kapena mukaona kuti anawonjezerapo zitsulo zina zosafanana ndi zinzake, mwadziwa moyo umene galimotoyi yakhala. Wowonjezera masipuling'i amakhala kuti ankasenzetsa katundu woposa muyezo, ndipo mabering'i, difu ndi mabuleki zinamva kulemera komweko.

Tsopano tsegulani boneti. Injini isanalire, tsegulani chotsekera oyilo muyang'ane kunsi kwake. Mukapeza phala loyera ngati chambiko, madzi akulowa mu oyilo, ndipo kawirikawiri ndi gasketi ya hedi kapena hedi yeniyeniyo yang'aluka. Tsegulaninso radiyeta injini ikadali yozizira: madzi ofiira ndi dzimbiri, kapena oyandama mafuta, akukuuzani nkhani yomweyo. Sololani ndodo yoyezera oyilo mupake pa chala. Oyilo wolimba ngati uchi amathiridwa dala kuti atseke pakamwa injini yogogoda.

Ikalira, imani kumbuyo. Utsi wabuluu ndi oyilo amene akupsa, kusonyeza kuti maring'i kapena masilu a mavavu atha. Wakuda ndi mafuta ochuluka, vuto la kabureta pa ya petulo kapena mainjekita pa ya dizilo, ndipo limeneli limakonzeka mosavuta. Woyera wosatha injini itatentha kale ndi madzi amene akulowa m'masilinda. Pa ya dizilo, chotsani chotsekera oyilo injini ikulira: kampweya pang'ono n'kachibadwa, koma ikamafuka ngati mbaula ya makala aawisi, injiniyo yatopa.

Poyesa pamsewu, yendetsani nokha kapena makaniko wanu, wailesi itazimitsidwa. Pezani chitunda, ikani giya yapamwamba pa liwiro lochepa, n'kuponda mafuta. Injini ikakwera mawu koma galimoto osawonjeza liwiro, kilatchi yatha. Potsika, chotsani phazi pa mafuta mu giya iliyonse muone ngati giya ikudzichotsa yokha. Mvetserani kumbuyo: difu yotha imalira ngati mluzu umene umakwera ndi liwiro. Pamalo owongoka opanda anthu, pondani mabuleki mwamphamvu muone ngati ikukokera mbali imodzi. Chiwongolero cha 1400 ndi Hilux zakale chimakhala ndi kusewera pang'ono, koma kukapitirira zala zitatu matayala asanayambe kutembenuka, pali zokonza. Mukabwerako isiyeni ikulira mphindi khumi itaima, maso ali pa geji ya kutentha, kenako muisunthe muone chimene chadontha pansi.

Za makilomita olembedwa pa dashibodi musazitengere. Mamita ambiri akale ali ndi manambala asanu okha, ndipo akafika 99,999 amayambiranso. Raba wa pa mapedulo ndi kusalala kwa chiwongolero zimanena zoona kuposa mita.

Mapepala

Nambala ya chesisi ndi ya injini zimene zili pa galimoto zifanane ndi zolembedwa mu Blue Book, chilembo ndi chilembo. Pukutani malowo ndi kansalu muwerenge nokha. Pa galimoto zakale n'zofala kupeza kuti injini inasinthidwa, ndipo palibe choipa ngati kusinthako kunalembetsedwa ku Road Traffic. Ngati sikunalembetsedwe, wogulitsa akonze zimenezo musanapereke ndalama. Dzina la mu Blue Book likhale la munthu amene akukugulitsani, ndipo mulione pa chiphaso chake cha unzika. Nkhani zakuti mwini wake ali kunja, kapena anamwalira ndipo abale anagwirizana, zimafuna makalata ooneka ndi maso, chifukwa galimoto ya chuma cha masiye imatha kukulandani mtendere patapita zaka. Pitani limodzi ndi wogulitsa kukasintha umwini, mulembe kalata ya mgwirizano pamaso pa mboni, ndipo ndalama yomaliza muipereke kusinthako kutatheka. Madobadoba oima pageti asakugwirireni mapepala anu. Ngati galimoto ikuchokera ku South Africa, wogulitsa akuonetseni kalata ya apolisi a kumeneko yoichotsera mlandu wakuba ndi umboni wakuti msonkho wa MRA unalipidwa. Galimoto yoyenda ndi nambala zakunja popanda mapepala amenewa si yanu, ngakhale mwailipira.

Musathere ndalama zonse pogula. Ine ndimalangiza kusunga gawo limodzi mwa magawo anayi a ndalama zanu, chifukwa mwezi woyamba mudzafunika oyilo, mafyuluta, malamba, mapaipi a raba, mwina matayala ndi batire, kuwonjezera pa COF ndi inshuwaransi. Musanagule, zungulirani m'masitolo a masipeya, kaya ku Biwi ku Lilongwe, ku Ndirande ndi ku Limbe, kaya pa boma lanu, mufunse mitengo ya pampu ya madzi, kilatchi, nsapato za mabuleki ndi gasketi ya hedi za mtundu umene mukufuna. Mtundu umene ogulitsa atatu akupukusa mutu, usiyeni.

Kutentha ndi mafuta

Mukafika nayo pakhomo, sinthani zamadzimadzi zonse: oyilo wa injini, wa giyabokosi, wa difu, ndi mafuta a mabuleki. Musakhulupirire mawu oti zangosinthidwa kumene. Gulani kope la sukulu, mulembemo tsiku, makilomita ndi chimene mwachita, ndipo kopelo lizikhala m'galimoto momwemo. Injini zakale za petulo zimayenda bwino ndi oyilo wa 20W-50, wosinthidwa pamodzi ndi fyuluta yake pa makilomita 5,000 alionse, kapena msanga kuposa apo ngati mumayenda kwambiri m'misewu ya fumbi.

Injini zambiri zakale sizifa ndi ukalamba, zimafa ndi kutentha kwa tsiku limodzi. Paipi ya raba imaphulika pa chitunda mu Okutobala, dalaivala n'kunena kuti tingofika pa sitolo apo, ndipo makilomita awiri amenewo amapinda hedi. Geji ikakwera, imani pomwepo, zimitsani, dikirani. Musatsegule radiyeta yotentha, chifukwa madzi ake amatuluka ndi mphamvu n'kukusupulani nkhope ndi manja, ndipo musathire madzi ozizira mu injini yowira. Madzi a pa mjigo m'madera ambiri ali ndi mchere umene umaundana m'timipata ta radiyeta ngati zimene mumaona pansi pa ketulo. Thiranimo mankhwala ake a radiyeta osakaniza ndi madzi oyera, ndipo ngati mulibe, madzi a mvula osefedwa ndi abwino kuposa a pachitsime. Pali chizolowezi china chimene ndimatsutsana nacho: kuchotsa thermostat poganiza kuti kuno n'kotentha, siifunika. Injini yopanda chipangizochi imachedwa kufunda, imamwa mafuta ambiri ndi kudyeka msanga, pamene vuto lenileni, radiyeta yotsekeka kapena lamba wa fani wolefuka, likadalipo.

Funsani ngati injini yanu imayendetsa mavavu ndi tcheni kapena lamba. A12 ndi A14 za Nissan, komanso 12R ndi 4Y za Toyota, zili ndi tcheni, chimene chimachenjeza ndi phokoso chisanathe. Injini za dizilo za Toyota za 2L ndi 3L zili ndi lamba wa raba, wofunika kusintha pa makilomita 100,000, ndipo iye sachenjeza. Akaduka injini ikuyenda, mapisitoni amamenya mavavu. Ngati wogulitsa alibe umboni wa tsiku limene anasinthidwa, musintheni sabata yoyamba.

Petulo wathu ali ndi nkhani yakeyake. Kuyambira 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba kupanga ethanol kuchokera ku zotsalira za nzimbe, Malawi wakhala akusakaniza ethanol mu petulo, ndipo pambuyo pake kunabweranso fakitale ina ku Chikwawa. Galimoto imayenda naye bwinobwino, koma ethanol amakoka chinyezi, ndipo amaumitsa raba wakale. Choncho sinthani mapaipi onse a raba a mafuta, kuchokera ku thanki mpaka ku kabureta, ndi paipi yopangidwira petulo, osati ya madzi. Paipi yong'aluka yodonthezera petulo pa injini yotentha ndiyo imayambitsa moto. Ikani kafyuluta koonekera m'kati mafuta asanafike ku kabureta, n'kusunga kena m'galimoto. Kadzakuthandizani nthawi ya kusowa kwa mafuta, pamene munthu amakakamizika kuthira a m'zigubu, amene amabwera ndi zinyalala, madzi, nthawi zina ndi parafini. Pothira mafuta otere sefani ndi nsalu yoyera. Galimoto ya kabureta isakhale miyezi ndi petulo yemweyo m'thanki osalizidwa.

Ubwino wa injini izi ndi wakuti mwini wake angaphunzire kuzisamala. Ngati 1200 kapena 1400 yanu ikadali ndi mapointi mu distribyuta, mpata wake ndi pafupifupi theka la milimita, ndipo mavavu amatcheredwa pa mamilimita 0.35 injini ili yotentha. Mawaya a mapulagi amatsata ndondomeko ya 1-3-4-2. Pemphani makaniko akuonetseni kamodzi, mugule kachipangizo koyezera mipata, ndipo muzinyamula mapointi, kondensa ndi lamba wa fani zapadera. Galimoto ya mtundu uwu ikazima panjira, kawirikawiri vuto limakhala limodzi mwa ziwiri: moto sukufika ku mapulagi, kapena mafuta sakufika ku kabureta. Musalole munthu kuyamba kupotokola masikuluwu a kabureta asanaone mapointi, mapulagi ndi fyuluta. Fyuluta ya mpweya muziigugudza sabata iliyonse m'chilimwe, ndipo musayende popanda iyo ngakhale tsiku limodzi, chifukwa fumbi lolowa mu injini limapala masilinda ngati sandipepa.

Katundu, mabuleki ndi anthu

Pano ndi pamene mabanja ambiri amaphera galimoto zawo. Pikapu ya theka la tani imanyamula matumba khumi a chimanga, a fetereza kapena a simenti, a makilogalamu 50 lililonse. Anyamata awiri okatsitsa katundu akakwera pamwamba, chotsanipo matumba awiri kapena atatu. Ya tani imodzi ndi matumba 20. Mchenga wonyowa, miyala ndi njerwa zimanyenga maso, chifukwa zimafika pa muyezo bokosi lisanadzadze n'komwe. Ndikudziwa mmene mtima umakhalira pamene matumba ali 16 ndipo petulo ndi wodula: munthu umafuna ulendo umodzi. Koma mtengo wa ulendo wachiwiri ndi wochepa poyerekeza ndi sipuling'i yothyoka, ekiselo yopindika, kapena tayala lophulika pa liwiro. Katundu wolemera aikidwe kutsogolo kwa bokosi, pafupi ndi kabu, ndipo amangidwe ndi chingwe. Akakhala kumapeto, mphuno ya galimoto imapepuka ndipo chiwongolero sichimvera.

Mabuleki a galimoto izi anapangidwira kulemera kumene kunalembedwa, pa misewu ya nthawi imeneyo. Zambiri zili ndi madiramu kumbuyo, zakale kwambiri mawilo onse anayi, ndipo diramu ikatentha imasiya kugwira. Potsika Chiweta, Khwekhwerere wa ku Golomoti, kapena mapiri otsikira ku Chikwawa, ikani giya yachiwiri musanayambe kutsetsereka, injini igwire galimoto, mabuleki muzingowaponda mwa apo ndi apo. Kuzimitsa injini kapena kuchotsa giya potsika kuti mupulumutse mafuta ndi kuika miyoyo pachiswe. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi ndipo amafunika kusintha zaka ziwiri zilizonse. Mukaona m'kati mwa tayala mwanyowa, kapena pedulo ikumira pang'onopang'ono mutaiponda, galimoto isatuluke pageti. Musathiremo madzi a sopo kapena oyilo m'malo mwa mafuta ake, monga ena amachitira akasowa pogwira, chifukwa zimawononga marabala onse a m'kati.

Matayala akhale a katundu, okhala ndi chilembo C kapena 8PR m'mbali mwake, osati a saluni. Pogula akaunjika werengani manambala anayi omaliza pa mzere woyamba ndi DOT: awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka. Lolembedwa 2316 linapangidwa sabata ya 23 mu 2016, ndipo ngakhale mapanga ake akuoneka akuya, raba wake wakalamba.

Za kunyamula anthu kumbuyo ndinene mosabisa. Tonse takwerapo matola, ndipo kumudzi pikapu ndiyo imatengera wodwala kuchipatala usiku ndi kuperekeza maliro. Koma bokosi lija lilibe lamba, lilibe denga, ndipo galimoto ya 1980 ilibe zambiri mwa zotetezera za masiku ano. Ngati palibe njira ina, anthu akhale ochepa, akhale pansi m'kati mwa bokosi, osati pamphepete kapena pamwamba pa matumba, ana akhale kutsogolo ndi munthu wamkulu, ndipo liwiro likhale lochepa. Ngati mukufuna kuchita bizinesi yonyamula katundu wa anthu, kafunseni ku Road Traffic ndi ku kampani ya inshuwaransi za zilolezo zake musanayambe, popeza inshuwaransi ya galimoto yapakhomo ikhoza kukana kulipira ngozi yochitika pa hayala. Ndipo pakhomo mugwirizane msanga za amene aziyendetsa. Galimoto yakale imafuna dzanja limodzi lodziwa mawu ake onse. Achibale akaipempha, ndi bwino kuwaperekeza nokha kusiyana ndi kupereka makiyi.

Mabowo a pansi pa kabu ndi ekizozi yobooka muziwotcherere msanga, chifukwa utsi wolowa m'kabu umagonetsa dalaivala asanadziwe. Ndipo aliyense wolowa pansi pa galimoto asadalire jeke yekha kapena njerwa, zimene zimaphwanyika mwadzidzidzi. Ikani zipika zolimba za mtengo pansi pa chesisi, ndi miyala kutsogolo ndi kumbuyo kwa matayala otsala pansi.

Nyengo ya mvula

Dzinja ndilo limadya mapikapu. Matope omatirira kunsi amasunga chinyezi miyezi yathunthu, choncho muzitsuka kunsi ndi m'mapiko a matayala, osati pamwamba pokha pooneka ndi anthu. Mukadutsa pa madzi akuya, pondani mabuleki pang'onopang'ono kangapo kuti aume, ndipo mukafika yang'anani oyilo wa difu: akasanduka woyera, madzi alowa, musintheni. Mfundo zonse zokhala ndi timabele ta girisi, pa shafuti ndi pa miyendo yakutsogolo, zipopedwe girisi mvula isanayambe komanso ikatha.

Fetereza ndi mdani wamkulu wa bokosi. Timibulu tochepa totayika m'makona timakoka chinyezi n'kuboola chitsulo m'nyengo imodzi. Yalani pepala la pulasitiki kapena lona musanakweze matumba, ndipo mukatsitsa sesani ndi kutsuka tsiku lomwelo. Chimodzimodzi mukanyamula manyowa, mchere kapena nsomba. Mphasa ya raba kapena matabwa oyalidwa m'bokosi muziwachotsa nthawi ndi nthawi kuti pansi paume, n'kutokosa ndi waya timabowo totulutsira madzi m'makona ndi kunsi kwa zitseko. Ngati mulibe shedi, imikani galimoto mphuno ili kumtunda ndi chitseko cha bokosi chotsegula pang'ono kuti madzi azitsika okha, ndipo isakhale pansi pa mtengo wa mango pamene masamba amagwera m'ngalande za pansi pa galasi n'kuwolera momwemo. Ikakhala kuti siyenda masabata angapo chifukwa msewu wadulidwa, chotsani waya wa negetivu pa batire, ikani miyala ku matayala m'malo mokoka handibuleki imene imamatirira ku madiramu, ndipo tsekulani boneti kawirikawiri muone ngati makoswe sanamange chisa pa mawaya.